Njere Imodzi M'kamwa mwa Nguluwe

Nguluwe ndi Nungu ankapemphera mpingo umodzi pansi pa mkuyu, masiku aja mvula inkasunga nthawi yake. Koma awiriwa sankamwerana madzi. Nungu anali mkulu wa mpingo wolankhula mosapsatira, pomwe Nguluwe anali wadyera, moti anamuimitsa kudya Mgonero atamupeza akukukuta chinangwa cha chopereka cha masika.

Chaka china madzi osefukira anakokolola minda ya abale a kuseri kwa phiri. Mpingo unasonkha thumba la mtedza wa mbewu loti likafike mvula yobzalira isanagwe. Ulendo wake unali wa masiku awiri, ndipo wamphamvu zosenza thumbalo anali Nguluwe yekha.

"Ndipita ine," anatero Nguluwe.

"Inu?" Nungu anaseka mpaka minga yake kugwedera. "Kumeneko kukafika thumba lokha, mtedza uli m'mimba mwanu."

"Ndapemphera kuti Mulungu andichotsere njala, mayi."

"Njala sachotsa, achimwene. Amapereka mphamvu zoiuza kuti idikire. Inu munaiuzapo liti?"

Mawuwo anamulasa Nguluwe. Kuyambira tsiku lotsatira, m'mawa uliwonse ankakumba mbatata, n'kuiika patsogolo pa mphuno yake, n'kugwada. Tsiku loyamba anaidya asanafike pa Ameni. Lachiwiri anapirira mpaka masana. Sabata itatha, dzuwa linalowa mbatata ili yathunthu, ngakhale inali itanyowa ndi dovu.

Nungu ataona zimenezi anamumangirira thumba lija kumsana ndi luzi. "Mbewuyi ikakafika, tidzakambirana za Mgonero," anatero.

Tsiku loyamba ulendo unayenda bwino, chifukwa m'njira munali mizu yoti akumbe. Lachiwiri anafika pamiyala yokhayokha, popanda n'kofukula komwe. Fungo la mtedza linkamutsata ngati ntchentche. Potsetsereka anapunthwa, ndipo njere imodzi inapulumuka pakamwa pa thumba n'kugubudukira pamphuno pake penipeni.

"Kanjere kamodzi kokha," mimba inamunong'oneza. "Adziwe ndani?"

"Ndimakudziwa iwe," anayankha Nguluwe. "Ukalawa kamodzi ufuna thumba lonse. Unandichotsa kale patebulo la Ambuye. Lero ukhala pambuyo, wotsogolera ndine."

Kuibweza m'thumba sakanatha, poti linali lomangidwa kumsana. Kuisiyanso sanafune, chifukwa kwa munthu wopanda mbewu njere imodzi ndi phando lathunthu. Choncho anaitola ndi milomo, anaiika pansi pa lilime, n'kuyamba kuyenda.

Njira imeneyo inatalika! Mano ankayabwa, malovu ankadzaza m'kamwa. Kuimba sakanatha, kupemphera mokweza sakanatha. Ankangoti mumtima, "Ambuye, mpaka pamtengo uwo." Akafika pamtengopo ankasankhanso wina.

Dzuwa litapendeka analowa m'mudzi wa abale aja. Gwape, mlaliki wa kumeneko, anathamanga kudzamuchingamira. "Takulandirani, a Nguluwe! Mwayenda bwanji?"

Nguluwe anangokhala duu, kukamwa kuli kotseka.

"Taonani tsayalo!" anakuwa Pusi ali pamtengo. "Akutafuna mbewu yathu! Anatumiranji dyera loyenda ndi miyendo?"

Nyama zonse zinamuzungulira. Nguluwe anawerama, n'kulavulira patsamba. Njere ija inagwa yathunthu, yonyowa, yopanda ngakhale chipsera cha dzino.

"Pepani, moni wachedwa," anatero akupuma movutikira. "Inagwa paphiri. Iikeni pamodzi ndi zinzake."

Pusi anatsika n'kuyamba kumasula luzi. Mende, mayi wamasiye amene munda wake wonse unapita ndi madzi, anapempha njere imeneyo nakaibzala pakhomo pake. Patangopita masiku awiri mvula inagwa, ndipo inapeza mbewu ili m'nthaka.

Nkhaniyo inafika kumkuyu Nguluwe asanabwerere. Lamulungu la Mgonero, Nungu anayenda ndi mbale mpaka pamene Nguluwe anakhala, kumbuyo kwenikweni. Anamupatsa kachidutswa ka mkate, kochepa kuposa njere ija.

"Aka kokha mutafune, achimwene," ananong'ona Nungu.

Phunziro: Thupi silimva ulaliki wa tsiku limodzi. Liphunzitseni kudikira pa zinthu zazing'ono tsiku ndi tsiku, mukupempha mphamvu kwa Mulungu, kuti tsiku la yesero lalikulu lidzakumvereni.