Mmisiri Amene Anadula Gitala Yake

Panali munthu wina ku Mponela, mmisiri wopanga magitala. Ankagwira ntchito pakhonde la nyumba yake, kuseri kwa msika. Magitala ake ankadziwika ndi mimba yakuya. Amisiri ena ankapanga nthiti za gitala, matabwa opindika a m'mbali aja, kufika zala zinayi m'lifupi. Iye ankafikitsa zala zisanu ndi chimodzi. Gitala yotere ikalira, mawu ake ankatuluka olemera ndipo ankamveka patali. Oimba ankachokera ku Dowa ndi ku Ntchisi kudzaifuna.

M'dera lomwelo munali mayi wina wosaona, dzina lake Nachisale. Ankaimba m'maliro ndi m'maukwati, ndipo ana ake atatu ankadya za kuimbako. Tsiku lina galimoto ya matola imene anakwera inagubuduka. Mayiyo anapulumuka, koma phewa lakumanja linathyoka, ndipo linapola mokhota. Gitala yake inaphwanyika pangoziyo. Chaka chathunthu chinatha asanaimbe, ndipo ana anayamba kugona ndi njala.

Mmisiri uja atamva, mtima unamupweteka, pakuti mayiyu ndi amene anaimba pa maliro a mkazi wake. Anatsitsa thabwa la mlombwa limene anasunga kudenga zaka khumi. Analicheka, nalipala, nalipinda pa chitsulo chamoto. Pamwamba pa gitalayo anaikapo thabwa la mkungudza. Anagwira ntchitoyo milungu isanu ndi umodzi, ndipo mimba anaikuza kuposa magitala onse amene anapangapo. Anati mumtima mwake, munthu amene wavutika chonchi ayenera kulandira chinthu chopambana.

Itatha, anaitanitsa Nachisale namupatsa gitalayo ngati mphatso. Mayiyo anakhala pa benchi, naiika pantchafu. Anakweza mkono pang'onopang'ono mpaka unadutsa pamwamba pa mimba ija, zala n'kufika pa nsambo. Anaimba nyimbo imodzi. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo kudzamvera. Nyimbo itatha anthu anaomba m'manja.

"Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni," anatero Nachisale. "Chibadwire sindinagwirepo gitala yolira chonchi."

Koma mmisiriyo sankayang'ana anthu oomba m'manja. Ankayang'ana mkono wa mayiyo. Zala zinali kunjenjemera. Thukuta linali litatsika m'khosi. Pochotsa mkonowo pa gitala, mayiyo anachita kuunyamula ndi dzanja linalo.

"Phewa likupweteka, mayi?"

"Pang'ono. Lizolowera."

"Pamaliro mumaimba nyimbo zingati?"

"Sitiwerenga, bambo. Timaimba mpaka anthu atabalalika."

Mmisiriyo anati, "Isiyeni kaye. Mudzaitenge Loweruka."

Mmisiriyu anali ndi mng'ono wake, kalipentala wopanga zitseko. Atamva kuti mkulu wake ankafuna kudula gitalayo, anabwera msangamsanga.

"Achimwene, gitala ngati iyi simudzapanganso. Isungeni, mayiwo muwapangire ina ya paini."

"Ndawapatsa kale," anayankha mkuluyo. "Si yanganso."

Ngakhale anayankha choncho, m'mawa wonse anakhala ataifungata gitalayo osaikhudza ndi chitsulo. Ankadziwa kuti thabwa ukalidula silimeranso. Ankadziwanso kuti mawu olemera aja amakhala m'kuya kwa mimba, ndipo kuchepetsa mimba ndi kuchepetsa mawu.

Dzuwa litafika pamutu anaika mpeni pamoto. Utatentha anaulowetsa pamene msana wa gitala unalumikizana ndi nthiti, guluu n'kusungunuka, msana n'kuchoka. Anatenga pensulo nalemba mzere kuzungulira nthiti zonse. Mbali yam'mwamba, pamene pamadutsa mkono wa woimba, anachotsapo zala ziwiri. Mbali yam'munsi, imene imakhala pantchafu, anachotsapo pang'ono chabe, kuti mawu asathere pomwepo. Anacheka ndi sowo mosathamanga, napala mpaka m'mphepete monse munasalala. Kenako anabwezera msana, namanga ndi zingwe za mphira kuti guluu agwire.

Itauma anaikanso nsambo naiyesa. Inalira bwino, koma mawu anali atachepa. Kulemera kuja kunali kutapita. Pa msika palibe amene anacheuka. Mmisiriyo anaipachika pa msomali, ndipo tsiku limenelo sanagwirenso ntchito ina.

Loweruka Nachisale anabwera. Anakhala pa benchi naiika gitala pantchafu. Mkono unangotsika wokha, zala n'kupeza nsambo. Mayiyo anadabwa. Anayendetsa zala m'nthiti, kuyambira kukhosi mpaka kumunsi.

"Mwaidula."

"Ndaidula."

"Komatu inkalira bwino."

"Inkalira bwino nyimbo imodzi, mayi."

Nachisale anayamba kuimba. Anamaliza nyimbo yoyamba nalowa yachiwiri, kenako yachitatu. Anaimba mpaka mthunzi wa khonde unafika pamsewu, ndipo mkono sunanjenjemere. Mwezi womwewo anaitanidwa ku ukwati ku Madisi, ndipo ana ake anayambanso kudya kawiri pa tsiku. Gitala imeneyo anaimba nayo zaka khumi ndi chimodzi.

Tsono abale anga, inu amene mumaphunzitsa, inu amene mukulera ana, inu amene mumayendera odwala ndi ofedwa, ndimvereni. Mmisiri uyu sanali woipa mtima. Anapereka thabwa lake labwino koposa ndi luso lake lonse. Chimene analakwitsa n'chakuti anayeza gitala ndi khutu lake, osati ndi mkono wa woinyamula. Ifenso timatero. Timapereka malangizo akuya, maphunziro olemera, thandizo lalikulu monga mmene ife timalifunira, ndipo wolandirayo amati zikomo, chifukwa munthu wovutika sakana mphatso. Musakhutire ndi zikomo ameneyo. Yang'anani mkono wake. Ngati ukunjenjemera, bwererani ku ntchito yanu mukaidule, ngakhale mbali yodulayo ndi imene anthu amakutamirani.