Mabotolo Awiri Amene Sanasungidwe

Lamulungu masana banja lonse linali pakhonde likumwa tiyi. Tizilombo tinkazungulira nthochi yakupsa patebulo, ndipo mlamu wake wa a Ntchentche anakweza dzanja kuti atiphe, kenaka n'kulibweza.

"Pepani a Ntchentche," anatero akuseka, "ndikanapha abale anu."

Dzinali anamupatsa ndi apabanja pomwepo, poti kwa zaka zinayi ntchito yake ku labotale inali kuweta tintchentche ta pazipatso m'mabotolo, kufufuza chimene chimatalikitsa moyo. Anali atapeza mitundu iwiri. Wina unali ndi jini, kanthu ka chibadwa kotengera kwa makolo, yosinthika yochepetsa thupi, winawo yothandiza kupirira kutentha. Tintchentche wamba tinkafa pa masiku makumi asanu, koma mitundu iwiriyi inkafika makumi asanu ndi awiri.

"Mawa ndiyamba kuikwatitsa," anawauza. "Zidzukulu zikatenga majini onse awiri zidzafika masiku zana."

"Shuga ndi wabwino, mchere ndi wabwino," anatero mkazi wake atanyamula supuni. "Ndikuthirireni zonse m'kapumu?"

Onse anaseka, kupatula iye.

Ntchito inayamba. Mibadwo itachuluka, kabati yofunditsira mabotolo inadzaza mpaka kukhomo. A Ntchentche analamula kuti mitundu iwiri yoyamba ija itayidwe, papezeke malo. Mayi amene ankaphikira tizilomboto chakudya ndi kutsuka mabotolo anaima osasuntha.

"Bambo, mlimi sakazinga mbewu yonse. Tisiyeko mabotolo awiri okha, limodzi uku, limodzi uku. Ndiwapanikiza pakona."

"Makolo tidzawafuniranji ana atawaposa? Chotsani, mayi."

Mayiyo ananyamula mabotolo onse a mitundu iwiri ija n'kukawaika mufiriji yophera tizilombo. Pofika madzulo, thukuta la zaka zinayi linali litauma gwa.

Tintchentche tokhala ndi majini onse awiri tinabadwa tokongola, maso ofiira psu. M'mawa uliwonse a Ntchentche ankakweza botolo lililonse kuwindo, kuona ngati pansi pagwa kanthu. Sabata ziwiri zinatha popanda maliro, ndipo ankayenda m'khonde akuimba mluzu.

Sabata yachitatu tinayamba kulephera kukwera galasi. Akagogoda botolo, tinkangokwawa ngati nkhalamba zochokera kumunda. Mazira amene tinaikira pachakudya sanaswe ngakhale limodzi. Majini aja, amene payekhapayekha anali mankhwala, atakumana m'thupi limodzi anali ngati atambala awiri m'khola limodzi. A Ntchentche anasintha chakudya, anatsitsa kutentha, anapemphera kumene. Ankangosesa mitembo ndi kaburashi, lero makumi atatu, mawa zana.

Komaliza kanafa tsiku la makumi atatu ndi chimodzi, miyendo m'mwamba. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsegula kabati, maso n'kuthamangira pakona paja. Panali mpata woti mabotolo awiri akanakwanapo bwinobwino.

Atafika kunyumba, mlamu wake anatsegula pakamwa kuti amuseke monga mwa masiku onse, koma ataona nkhope yake anangomukokera mpando.

Kutacha analawirira kuntchito. Anapeza mayi uja ali pasinki, mabotolo ali mulu. Anavula jekete, napinda malaya, naima pambali pawo.

"Munandiuza, mayi."

"Burashi ili apo, bambo," anayankha osatembenuka. "Muzitsuka mpaka pansi. Tikayambanso, afunika oyera."

Anatsuka mpaka dzuwa linafika pamutu. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.