Sanda ya Alhaji Mtalika

Alhaji Mtalika anafika kwa Shehe Chikwanje itangotha swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo. Atapereka salamu anakana mkeka, amvekere nkhani yawo ndi yoyankhula choimirira. Shehe anali akusoka chigamba pa mkanjo wawo. Anaika singano pambali n'kuimirira nawonso, pakuti sankatha kukhala pansi mlendo ali chilili. Alhaji anachita manyazi, ndipo onse awiri anakhala.

Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene midzi yathu ya ku Namwera inadzaza ndi anthu othawa kwawo. Kutsidya kwa malire zipatala zinali zitatenthedwa, anamwino atabalalika, moti ovulala ankabwera nawo pa machira mabala atayamba kale kununkha. Kachipatala ka m'dera lathu kanali ndi namwino mmodzi yekha, Abiti Sumani. Mabandeji atatha, ankachapa akale n'kuwawiritsa mumphika, kumangira wina, kuchapanso, mpaka anasanduka ulusi. M'mawa wa tsikulo anamubweretsera mayi amene anaponda bomba lokwirira popita kukazula chinangwa. Namwinoyo ananena mosapsatira kuti popanda nsalu yoyera yosinthira bala tsiku ndi tsiku, mwendowo uwola ndipo mayiyo sachira. Atasowa mtengo wogwira, anapita kukagogoda kwa Alhaji.

Ndani kwathu sankaidziwa sanda ya Alhaji Mtalika? Nsalu yodzawakulungira akadzamwalirayo anaigula ku Makka, n'kuiviika m'madzi a chitsime chopatulika cha Zamzam, n'kuiyanika padzuwa la komweko. Mlendo aliyense ankaimva mbiri yake tiyi asanazizire. Ineyo ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuifotokoza ngati ndinapita nawo.

"Shehe, ndabwera kudzadandaula," anatero Alhaji. "Mtsikana wa kuchipatala uja wandipempha sanda yanga kuti aing'ambe. Nsalu ya Zamzam ikamwe mafinya? Mumuitane mumulangize."

Shehe anafunsa ngati namwinoyo analankhula mwamwano. Alhaji anavomera kuti ayi, anagwada ndithu. Anafunsanso ngati anatenga kanthu mokakamiza, ndipo Alhaji anati sanatenge.

"Ndiye sindikuona pomudzudzulira, Alhaji. Iye wapempha, ndipo sandayo ndi yanu. Sindikukakamizani kuipereka."

Yankho limeneli linayenera kuwakondweretsa, koma Alhaji sananyamuke. Atayambanso kulankhula, mawu aja a munthu wopita ku Makka anali atawathera. Anasimba za mkulu wawo amene ankakhala kutsidya. Mkuluyo anadwala malungo wamba, oti kale akanachira ndi mapiritsi, koma chipatala kunalibe. Anamwalira anthu akuthawa, ndipo anamukwirira m'tchire mofulumira, wosasambitsidwa, atamukulunga mu chiguduli. Kuyambira pamene anamva uthengawo, Alhaji ankatsegula sutikesi kawirikawiri kuti aone ngati nsalu yawo ilipo. Ndikamakumbukira zimenezi ndimawamvera chisoni, chifukwa chimene ife tinkachiyesa matama, pansi pake panali mantha.

Shehe anayamba awapepesa, n'kumupempherera malemuyo kuti Allah amukhululukire ndi kumukulitsira manda. Kenako anati m'bale wawoyo sanachepe pamaso pa Mulungu chifukwa cha chiguduli, ndipo amene anamuika anachita zimene akanatha zipolopolo zikulira.

Koma Alhaji mtima unali usanatsike. Munthu akapanikizika amafuna woti agwe naye limodzi.

"Kulankhula n'kosavuta, Shehe. Mundikhululukire, koma inuyo akanakupemphani yanu, mukanapereka?"

Shehe anatola singano ija n'kumaitembenuza m'manja. Sankakonda kunena za iwo eni, ndipo zinaoneka kuti funsolo lawalemera. Anayankha motsitsa mawu kuti yawo inapita kale kuchipatalako mvula isanayambe, pamodzi ndi katani yoyera ya kumadrasa, ndipo kuti anamupempha namwinoyo asauze munthu. Sinali ya ku Makka, anatero, inali ya pa sitolo ya Mmwenye, choncho asaiyerekeze ndi ya Alhaji.

Alhaji anadzidzimuka. Shehe anali wamkulu kuposa iwo, chifuwa chikuwavuta chaka ndi chaka, ndipo nsalu yoyera masiku amenewo inkasowa ngati mchere wa m'chilala.

"Nanga inu tidzakuikani mu chiyani?"

Shehe anamwetulira pang'ono.

"Mwafunsa bwino, Alhaji, ndipo mwanena nokha kuti 'tidzakuikani.' Funso limenelo ndi lanu, si langa. Inu mwaphunzira, mukudziwa kuti kusambitsa maliro, kuwaveka ndi kuwapempherera ndi udindo umene Allah anaika pa otsala. Wakufa safunsidwa kuti wabwera mu nsalu yanji. Ndikadzagona wopanda sanda, mlandu sudzakhala wanga, ndipo inunso mukadzagona wopanda yanu, mlandu sudzakhala wanu. Koma mayi ali kuchipatalayo akupuma, bala lake lili poyera, ndipo lero otsala ndife."