Odi wa M'mimba mwa Kaliwo

Kalekale ndithu, kunali munthu wina dzina lake Kaliwo. Ika kaye kapisoziyo pansi, mphwanga, umve.

M'mimba mwa Kaliwo munali mudzi. Inde, mudzi wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Timeneti ndiye tinali eni mudzi. Kaliwo akadya, natonso tinkadya, n'kumamuthandiza kugaya chakudya.

Tsiku lina Kaliwo anamwa madzi a pachithaphwi. M'madzimo munali mlendo, dzina lake Kamwazi.

Atafika m'mimbamo, Kamwazi anati, "Odi kuno!"

Mudzi wonse unayankha, "Eee, lowani!"

Atamva kuchuluka kwa mawuwo, anabwerera m'mbuyo. Pokhala panalibe, chakudya eni ake anali atagawana kale. Anakhala kumphepete ali phee, ngati mkamwini watsopano.

Kukacha, "Odi kuno!" "Eee!" Iye phee. Kukachanso, "Odi kuno!" "Eee!" Iye phee. Odi ameneyo sanali waulemu ayi. Ankamvetsera ngati eni mudzi akadalipo.

Ndiye Kaliwo anadwala chimfine. Chimfine chabe! Anapita pamsika nabwerako ndi makapisozi odzaza dzanja.

Mkazi wake, Nasibeko, anati, "Bambo a Tiyese, bwanji osayamba mwapita kuchipatala?"

"Ndikufuna kutsuka m'thupi monse," anatero Kaliwo. "Muyere mbee!"

Anamwa. Anamwanso. Chimfine sichinamve n'komwe, koma eni mudzi aja anafa ambirimbiri. Kamwazi, pokhala wa khungu lolimba, anapulumuka.

M'mawa anati, "Odi kuno!"

Zii.

"Odi kunotu!"

Zii.

Kamwazi anaseka. Anadya chakudya chonse, anaswana, nayamba kuluma makoma a m'mimba. Kaliwo njira ya kuchimbudzi anaisalaza ndi mapazi. Maso analowa m'kati, anangotsala pang'ono kutisiya. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa amene anasesa mudziwo ndi mwiniwake yemwe.

Nasibeko anamukweza panjinga mpaka kuchipatala. Kumeneko anamuthandiza. Atabwerera kunyumba, mayiyo ankamupatsa thobwa, chambiko ndi ndiwo zamasamba. Pang'onopang'ono mudzi uja unayamba kudzazanso.

Tsiku lina Kamwazi, atatsala yekhayekha, ananong'ona, "Odi?"

"Eee!"

Sanadikire n'komwe kuti "lowani". Anamanga katundu wake, ulendo.

Waonatu mphwanga, tizilombo ta m'mimba si tonse adani. Woipa uja amayamba wamvetsera ngati pakhomo pali anthu. Iwe usamathamangitse oyankha odi. Kapisozi azikupatsa ndi adokotala.

Nthano yanga yathera pompa. Yakoyo bweza m'thumba.