Tsiku Limene Mafuwa Anapita Kubwalo

Ana inu, mukamva akulu akuti "mlandu suola" musamayese kuti mawuwa anagwa ndi mvula. Anachokera m'chigwa cha Lifisi, ndipo amene anawachititsa ndi mayi wina wouma mutu, dzina lake Nankhoma.

Makolo atafika m'chigwamo anagawa dziko m'malimana anayi, nabzala nkhadze m'malire. Limana lililonse linalandira mpando umodzi pa upo wa akulu, ndiponso tsiku lake lopatutsira madzi a mtsinje m'madimba nthawi ya chilimwe. Kugawako kunali kolungama, pakuti makomo anali ofanana kuchuluka kwake.

Koma anthu si nkhadze kuti akhale pamene unawabzala. Nthaka ya kumtunda itaguga, mabanja anayamba kutsikira kumunsi. Pofika nthawi ya Nankhoma, malimana atatu a kumtunda anatsala mabwinja ndi tinyumba apo ndi apo, pamene limana la Kumunsi linadzaza mpaka nkhuku kusowa popalasa. Mipando yokha ndiyo sinasunthe: kumtunda itatu, Kumunsi umodzi. Madzi nawonso chimodzimodzi. Masiku atatu ankanenepetsa udzu wa m'mabwinja, tsiku lotsalalo n'kumalimbirana khamu lonse la Kumunsi. Woimira Kumunsi akadandaula pa upo, anzake atatu aja ankangopukusa mitu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mayi ake a Nankhoma, a Nangondo, anakasuma nkhaniyi kubwalo la oweruza Nankhomayo akadali kamtsikana. Mwambo wa kumeneko unali wakuti wosuma azipachika mwendo wa mbuzi pa kachere wa pabwalo, ndipo oweruza ankaudya tsiku lozenga mlanduwo. A Nangondo anapachika wawo. Oweruza anawauza kuti abwere akakolola. Atakolola, kunagwa maliro. Maliro atatha, mvula inayamba. Nyama ija inaola n'kugwa, agalu anatola, ndipo a Nangondo anatsikira kuli chete akudikirabe kuitanidwa.

Chaka china dzuwa linakwiya. Dimba la Nankhoma linali kumapeto kwenikweni kwa ngalande, kumene madzi ankafika ngati malovu. Chimanga chimene ana ake ankadalira kuti aoloke nacho miyezi ya njala chinayamba kupota masamba. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anakumbukira mayi ake. Ananyamuka kukafunsa kubwalo kuti mlandu uja uli pati.

Kumeneko anapeza a Kamtsitsi, mwini mpando wa limana lina la kumtunda, momwe munatsala iwo, akazi awo ndi mbuzi zawo. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Anauza oweruza kuti mlanduwo unaola pamodzi ndi nyama yake, ndi kuti malire oika makolo sasunthidwa ndi mwana wa dzulodzuloli. Oweruza, pokhala anthu osafuna kudana ndi aliyense, anamuuza Nankhoma kuti abwere akakolola.

"Mawu amenewo ndinawamva kale ndili mwana, akuluakulu," anatero Nankhoma atagwada. "Ine ndibwera mawa."

Tsiku lomwelo anayenda khomo ndi khomo m'chigwa chonse, kupempha mayi aliyense chinthu chimodzi: fuwa la pamoto pake. Mukudziwa inu kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu, ndipo ukachotsapo limodzi palibe chiphikika. Amayiwo anapangana kuti pasapezeke wotola mwala wina mpaka mlandu utazengedwa. Ngakhale a kumtunda anavomera, poti ana awo ndi zidzukulu zawo anali Kumunsi komweko, akuwonda iwo akuona.

M'mawa mwake njira yopita kubwalo inada ndi amayi, aliyense atasenza fuwa lake pa nkhata. Pambuyo pawo pankabwera amuna, nkhope zili gwa, m'mimba muli pululu. Oweruza nawo anafika osalawa kanthu, chifukwa akazi awo anali pamzere womwewo. Njala ilibe ulemu, ndipo tsiku limenelo palibe anatchula zokolola.

Mayi aliyense anatula fuwa lake pa mulu wa limana lake. Milu itatu ya kumtunda inali yoti mwanapiye n'kuilumpha. Wa limana la a Kamtsitsi sunali mulu n'komwe, linali fuwa limodzi, lobwera ndi akazi awo omwe. Mulu wa Kumunsi unafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu.

A Chadzunda, mkulu wa oweruza, anazungulira miluyo pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, kenako anafunsa Nankhoma tanthauzo lake.

"Fuwa lililonse apa ndi khomo lofuka utsi," anayankha iye. "Makolo ankagawira anthu, sankagawira nkhadze. Bwinja silimva ludzu, nanga likhaliranji pa upo? Mayi anga anapachika nyama pa nthambi iyo. Ndabwera kudzawalandirira yankho lawo."

A Kamtsitsi anayambanso nyimbo yawo ya nyama yoola, koma mawu anatuluka ofooka. A Chadzunda anayang'ana nthambi ija. Iwo analipo tsiku limene a Nangondo anasuma, ndipo manyazi anawagwira.

"Chinaola ndi nyama, a Kamtsitsi," anatero. "Mlandu suola."

Pomwepo analamula kuti mafuwa onse agawidwe m'milu inayi yofanana, ndi kuti nkhadze zatsopano zibzalidwe motsata miluyo. Malimana a kumtunda anaphatikizidwa, Kumunsi kunagawidwa, mipando ndi masiku a madzi zinatsata makomo. Anaonjeza kuti anthu akadzasamukanso, mafuwa adzabwerenso pabwalo.

Madzi atafika ku dimba la Nankhoma, chimanga china chinali chitauma kale, koma chotsalacho chinadzuka ndipo ana ake anaoloka nacho. Fuwa limene iye anasenza tsiku lija linali losiya mayi ake. Analibwezera pamoto, nalisisita, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, akuyankhani."

Ndiye mukamva kuti "mlandu suola," dziwani kuti cholakwa sichisanduka chilungamo chifukwa chakalamba. Wolakwa angazengereze, oweruza angazembe, wosuma angamwalire, koma mlanduwo umakhala chikhalire kudikira tsiku lake. Wokondera asamagone tulo poti zaka zapita, ndipo wolakwiridwa asataye mtima.