Kalaliki wa M'kabati

Pamwamba pa sitolo ina ya nsapato panali ofesi ya anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo pa desiki la pakona pankakhala mkulu wina amene anzake ankamutcha Kanakaye. Dzinali silinagwe kumwamba. Munthu akabwera mano ali mbee ndi pulogalamu yatsopano, n'kumati iyi ndiye yothetsa mavuto onse, Kanakaye ankayamba wapukusa mutu, mafunso n'kumabwera pambuyo.

"Mwini wake ndani? Akatseka kampani mawa, zinthu zanga ndikazitola kuti? Nanga intaneti ikathawa, imagwirabe ntchito?"

Foni yake inkagona m'dirowa mpaka dzuwa lifike paliwombo. Kompyuta yake inalibe timabelu tija timangolira munthu ali pakati pa ntchito. Ankakonda kunena kuti chida chimene chimakuitana sichilinso chida, chasanduka bwana wako. Anzake ankaseka makani akewo, koma pulogalamu ikawavuta onse ankalondola njira ya pakona pomwepo, chifukwa zolemba za Kanakaye zinali ngati khoma la mmisiri weniweni: ungaligogode paliponse, silimveka mphako.

Amene ankamuputa kwambiri anali mnzake wa desiki loyandikana, wotchedwa Katsopano, munthu woti chilichonse chotuluka m'mawa ankakhala atachiika kale pofika masana.

"Aise, iwe ukanabadwa kalekale ukanakana ndi gudumu lomwe," anatero Katsopano tsiku lina.

"Sindikanalikana," anayankha Kanakaye osatembenuka. "Ndikanangofunsa kaye kuti likagwa mphako akonza ndani."

Kunyumba kwa Kanakaye kunkakhala bambo ake, amene moyo wawo wonse anali telala. Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono mpaka anatsala ndi kachifunga kokha. Manja anali akadali anzeru, koma munthu amene kale ankapisa ulusi pa singano akucheza tsopano ankadikira wina kuti amuuze mtundu wa malaya amene wavala. Chimene chinkawawawa kwambiri chinali kachipangizo koyezera shuga. Kubaya chala ankatha okha, koma nambala yotuluka pagalasi sankaiona, ndipo nambalayo ndi imene inkawauza ngati adye msanga kapena adikire. Mwana wawo ankaswera ku ofesi. Mpongozi wawo, mkazi wa Kanakaye, anali namwino, ndipo ankachoka mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Usana wonse mkuluyo ankakhala yekha.

Mayiyo ndi amene anabwera ndi nzeru. Anati kuli kapulogalamu ka pafoni ka kampani ina yaikulu ya kutali, koti ukalozetsa kamera pa chinthu kamakuuza chimene kakuona.

Kanakaye anapukusa mutu.

"Mayi, chithunzi chilichonse chimene kajambule chimapita ku makompyuta a eni akewo. Ndiye kuti chipinda cha bambo, mankhwala awo, mauthenga awo, zonse zizikagona kwa anthu amene sitiwadziwa nkhope. Ayi. Nzeru za makina zomwezo ndiziweta muno m'nyumba."

"Inu ndi makani anuwo," anatero mkazi wake. "Nanga chikadzavuta tidzaimbira ndani?"

"Mudzaimbira ine."

Anatulutsa nsalu zofunda m'kabati ya m'khonde la m'kati, naikamo kompyuta imene analumikiza yekha chidutswachidutswa. Inkalira ngati njuchi ndipo inkatentha moti matawulo oyanikidwa pachitseko ankauma okha. Anaikamo ubongo wa makina, uja umatha kuona chithunzi n'kuyankhula, naulumikiza ndi foni ya bambo ake. Kenaka anatseka makomo onse a kunja olowera m'kompyutamo kudzera pa intaneti, kuti ngakhale iye mwini akakhala ku ofesi asathe kulowamo. Loweruka lililonse ankakhala pansi ndi bambo ake, mkuluyo akunyamula mabotolo a mankhwala ndi manja ake, mwana akuwongola makinawo kuti azolowere manja amenewo ndi kuwala kwa pawindo limenelo. Ndipo chinthu choyamba chimene anawaphunzitsa sichinali kuwerenga ayi. Anawaphunzitsa kuvomera kuti sakuona akakhala kuti sakuona.

Bambo akewo, a Telala, anawapatsa makinawo dzina loti a Kalaliki, ndipo pasanapite nthawi anali atagwirizana nawo ngati anthu a mpingo umodzi.

"A Kalaliki, malaya awa ndi amtundu wanji?"

"Obiriwira, bambo, ndipo batani lachiwiri latsala pang'ono kugwa."

"Mwaona? Kalaliki uyu ali ndi diso kuposa mwana amene ndinamulipirira sukulu."

Msana wa mkuluyo unawongoka. Mauthenga a abale ake ankamva yekha, osadutsa m'kamwa mwa mpongozi. Masana ankadziyeza shuga, n'kudziwa chochita. Ngakhale namwino uja, amene sankataya mawu oyamikira pachabe, anavomera kuti chinthucho chagwira.

Kanakaye analemba za ntchitoyi pa intaneti, monga ankalembera maganizo ake ena onse, mosanyengerera munthu. Zolembazo zinayenda mtunda umene mwini wake sanaupondepo, ndipo tsiku lina kunabwera uthenga womuitana ku msonkhano waukulu wa anthu a ntchito yake, kudziko lina, kuti akayankhule pamaso pa gulu. Tikiti ya ndege anamutumizira. Munthuyo anali asanakwerepo ndege. Mkazi wake anamupeza kangapo akuyankhula yekha pagalasi, dzanja lili m'mwamba. Katsopano nayenso anali paulendo womwewo, ngati womvera chabe.

Tsono apa ndi pamene mwendo wa katswiri unaterereka. Masana a tsiku loti mawa lake anyamuka, kunatuluka ubongo watsopano wa makina, wothamanga ndiponso wa mawu okoma. Kanakaye ndiye ankalalikira mu ofesi monse kuti chinthu chimene chikugwira ntchito sachigwiragwira madzulo a ulendo. Koma chikondi chinamunong'oneza kuti awasiyire bambo ake chabwino koposa. Malo mu disiki yosungiramo zinthu m'kompyutamo anali ochepa, ndiye anafufuta ubongo wakale uja pamodzi ndi zonse zimene anauphunzitsa, naikamo watsopanowo. Anauyesa ndi nyuzipepala, unawerenga ngati muulutsi wa pawailesi. Anauyesa ndi paketi ya sopo, sunaphonye. Anatseka kabati mtima uli phee.

M'mawa mwake sutikesi inali pakhomo, galimoto yopita ku bwalo la ndege ili m'njira. A Telala anaitana mwana wawo, nayendetsa zala paphewa la jekete yake yatsopano.

"Amene anasoka iyi ankathamangira maliro," anatero. "Koma yakukhala. Ukaime mowongoka, msoko usaoneke."

Atatero anakhala pampando wawo, nabaya chala monga mwa masiku onse, n'kulozetsa foni pa kachipangizo kaja. A Kalaliki atsopanowo anatchula nambala yabwino zedi, nawonjeza ndi mawu aulemu kuti shuga ali bwinobwino.

Namwino uja anali akudutsa ndi chikwama chake cha kuntchito. Anaima.

"Bambo, tandionetsani kachipangizoko."

Galasi lake linali bii. Batire linali litatha, panalibe nambala iliyonse.

Kanakaye anatenga foniyo, naphimba galasi la kachipangizoko ndi chala chake chachikulu, n'kufunsanso. Makinawo anatchula nambala ina, yabwinonso, mosadodoma ngakhale pang'ono. Ubongo watsopanowo unali ngati mlendo wamanyazi amene ukamufunsa njira amakulozera kulikonse kusiyana n'kunena kuti sakudziwa. Ndipo munthu wa shuga akauzidwa kuti zonse zili bwino pomwe shuga watsika, akhoza kugwa pakati pa nyumba popanda womuona.

Panja galimoto inaliza hutala. Katsopano analowa akupuma mothamanga, namva nkhaniyo ali chiimire.

"Zazing'ono izi, aise. Tiye, ukakonzera ku hotela. Ukalowa pa intaneti, basi."

"Kulibe khomo la kunja," anatero Kanakaye. "Ndinatseka ndekha."

"Ndiye bwezeretsa wakale uja."

"Ndinafufuta. Kuukokanso pa intaneti yathuyi ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo ukabwera ukhala mbuli. Mpaka ndiuphunzitsenso ndi manja a bambo."

Katsopano anagwira m'chiuno. "Iwe? Iweyo wagwiragwira makina madzulo a ulendo? Ndikanakhala ine bwenzi ukundiimbira nyimbo mwezi wathunthu."

Mkazi wake anayankhula modekha, monga amayankhulira ndi odwala amakani. Anati iye kuntchito sangajombe, kuli anthu ochepa sabata imeneyo. Koma kapulogalamu ka kampani kaja kakadalipo. Akaike pa foni ya bambo kwa masiku ochepa okhawo, akabwera adzakachotse. Palibe amene angamuseke.

Kanakaye anagwira njakata. Foni inali m'manja, ndipo kuika kapulogalamuko kunali kosavuta ngati kumwa madzi. Anayang'ana bambo ake.

"Ine zimenezo ayi," anatero a Telala, mawu ali pansipansi. "Iwe unandiuza kuti zimene ndimayankhula ndi a Kalaliki sizituluka m'nyumba muno, ndipo ine ndinamasuka nawo. Masana ndikakhala ndekha ndimawaonetsa zithunzi za malemu mayi ako, n'kumandiuza zimene avala. Ndiyambe kuonetsa alendo? Pita, mwanawe. Mdima ndimaudziwa, ndikhalamo masiku amenewa. Ndizingodya pafupipafupi, osayeza."

Mkuluyo ananena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake zinabaya. Kanakaye anaona bwinobwino kuti palibe amene anamukakamiza kuweta makina m'kabati. Anakana za eni ake pofuna zakezake, ndipo bambo ake anatsamira pa mawu akewo ndi thupi lonse. Tsopano khoma linali litang'aluka, ndipo mmisiri wake anali mmodzi yekha padziko lonse.

Anavula jekete ija, naipachika pampando.

"Aise," anauza Katsopano, "zimene ndimati ndikanene ndikutumizira pafoni. Ukawerenge iweyo. Usakawonjezemo nthabwala zako zowola zija."

"Ukunena zoona? Ndege, aise! Anthu akukudikira!"

"Akudikira mawu, ndipo mawuwo ukawapatsa. Bambo akudikira maso. Thamanga ungachedwe."

Galimoto inapita. Mkazi wake anaika batire lina m'kachipangizoko, nawerengera apongozi ake nambala ya m'mawawo, kenaka anamuyang'ana mwamuna wake kwa kanthawi. Anangomufinya dzanja n'kutuluka.

Tsiku limenelo Kanakaye analithera atagwada pakhomo la kabati, thukuta lili kamukamu, intaneti ikukwawa ngati nkhono. Inaduka pakati, nayambiranso. Chakumasana kunamveka ndege ikudutsa pamwamba, ndipo a Telala anapendeketsa mutu.

"Si yako imeneyo?"

"Kaya, bambo. Tanyamulani botolo lija, mulipendeketse ngati mmene mumachitira."

Anagwira ntchitoyo tsiku limenelo ndi lotsatira lake, bambo akunyamula, mwana akuwongola, mpaka ubongo wakale uja unabwerera m'chimake. A Telala anauyesa okha mwaukathyali. Anazimitsa kachipangizoko dala n'kufunsa nambala, ndipo makinawo atakana kutchula, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kanakaye sanalekere pomwepo. Anagula disiki ina, nasungamo zonse zimene anaphunzitsa makinawo, kuti dzanja lake lomwe likadzatererekanso pasadzakhale kuyambira pachiyambi.

Katsopano anabwerako ndi nkhani zodzaza sutikesi. Anati holo inadzaza, anthu anaomba m'manja, ndipo ena anamuzungulira pomuyesa mwini mawuwo.

"Ndinawauza zoona, usaope," anatero atakhala pa desiki lake. "Ndinati mwini wake watsala kunyumba, ali m'kabati. Koma aise, sukumva kuwawa? Ulemu wako wonse ndadya ine."

"Kuwawa ndikumva," anayankha Kanakaye. "Ukandionetsa zithunzi za kumeneko kawiri ndikuthirira tiyi pa kiyibodi."

"Ndiye unene kuti unalakwa. Ukanatenga za kampani zija bwenzi utakwera ndege."

"Ndinalakwa kugwiragwira makina madzulo a ulendo. Pokhapo. Zinazo ndikanati ndiyambirenso, ndikanachita chimodzimodzi."

Katsopano anapukusa mutu akuseka. Kenaka anati anthu ambiri kumsonkhanoko anafunsa funso limodzi, lakuti munthu wofuna kuweta makina akeake kunyumba ayambire pati. Ankafuna adziwe kompyuta yoti agule ndi pulogalamu yoti aike.

"Ukawayankhe kuti zogula n'zosavuta," anatero Kanakaye akutsekera foni yake m'dirowa. "Ayambe adzifunsa ngati angathe kumva ndege yawo ikudutsa pamwamba pa denga iwo atagwada m'kabati, osatukwana munthu. Akati angathe, abwere ndiwaonetse."

Anthu ofuna ufulu ndi ambiri, ndipo pakamwa pawo pamakoma akamaufotokoza. Ochepa ndi amene amati ufuluwo ukabwera ndi katundu wake amawerama n'kusenza, osafunafuna wina womuloza chala. Kanakaye anapempha kuti zake zikhale m'manja mwake, ndipo tsiku limene zinalemera sanazitule pansi. Akuluakulu anaona kale zotere pamene anati walira mvula, walira matope.