Khoswe Akweza Eriyo Pawindo

Kalekale, koma osati kale la agogo anu, poti magetsi anali atafika kale pamsika, kunali Mphemvu. Nenani kuti tili tonse, inu kumbuyoko.

Mphemvu ankakhala m'mimba mwa kompyuta yakale ya a Dzonzi, bambo woikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Munali mofunda, ndipo mazira ake anaikira momwemo.

A Dzonzi anaigulira kompyutayo eriyo, kamtengo kakuda ka waya wautali, kuti izikoka intaneti kuchokera m'kabokosi ka m'sitolo yoyandikana. Koma eriyoyo anaiponya pansi, kuseri kwa kompyuta, pafupi ndi khoma la malata. Filimu ikati iyambe, pagalasi pankangozungulira kampira, zunguli zunguli.

"Chitsulo chopanda pake iwe," anatero a Dzonzi tsiku lina masana, akuloza kompyutayo. "Mawa ndikakugulitsa kwa ogula zitsulo." Anasiya kampira kakuzungulira, nkukhoma chitseko ndi loko, nkupita kukadya.

Mphemvu mtima unamuwawa, poti mazira sasenzeka. Anakwera pawindo, nkutambasula tinyanga take. Apo anamva chinthu chikudutsa mumphepo, nyerenyere. Anatsikira kuseri kwa malata: zii. Anakweranso: nyerenyere. Anazindikira kuti malo a eriyo ndi pawindo. Ana inu, mphepo yomwe tikupumayi muli nyimbo, muli nkhope za anthu, zikutidutsa pamphuno ife osaziona. Ine ndikaganiza zimenezi tsitsi limandiima.

Koma eriyo angainyamule Mphemvu? Mwendo wake ngati udzu.

Ndiye kunatulukira Khoswe, chimimba chili gwedegwede, mano ali pa waya.

"Pepani akuluakulu, musadule," anatero Mphemvu. "Umenewo ndi m'mero."

"M'mero wa yani?"

"Wa kompyutayi. Simunaonepo mtedza ndi nyama pagalasipo? Zimalowera pa kamtengo kakudako."

"Nanga bwanji sindinalawepo?"

"Kali pansi, bwana. Zakudyazo zimadutsa m'mwamba, pawindo. Ndimati ndiitane abale anga tikakweze, tigawane."

"Mugawane ndi yani?" Khoswe anakalipa. "Mphuno zonse zija? Choka apa, ndikweza ndekha, ndidya ndekha."

Analuma eriyo, nkuyamba kukoka. Khwee, khwee, pa mwendo wa tebulo. Khwee, khwee, pa shelefu. Thukuta lili kamukamu. Atafika pawindo anaigoneka.

"Ikagona zimataika, bwana," anatero Mphemvu. "Iimikeni chilili, iyang'ane kusitolo."

Khoswe anaiimika. Anakhala pansi pake, maso tsinzi, kukamwa yasa.

Kampira kaja kanaima. Galasi linawala ngwee. Munatuluka dambo lalikulu lopanda malire, udzu wofiira ukuweyuka, mbalame zochuluka ngati dzombe, ndi phiri la nsonga yoyera kutali uko. Mphemvu, amene dziko lake lonse linali fumbi ndi mawaya, anangoti kakasi. Sanadziwe kuti kunja kuli kukula chotere, ndipo zonsezo zadutsa pa kamtengo kochepa ngati chala. Anaiwala Khoswe, anaiwala ndi mantha omwe.

Paja inali filimu ya nyama zakutchire. Mu udzumo munadzuka mkango, nkhope kudzaza galasi lonse. Unabangula, masipika a a Dzonzi atakwezedwa mpaka pamapeto, malata onse njenjenje.

Khoswe anatsegula diso limodzi. "Mayo, chimphaka!"

Anadumphira panja, phi! m'ngalande, liwiro la mtondo wadooka. Akuti anakaima kuchigayo, ndipo mpaka lero sadutsa pamene pakulira sipika.

A Dzonzi anabwera akuthamanga, m'manja osasamba. Anayang'ana galasi, anayang'ana eriyo ili chilili pawindo, anayang'ana loko wa pachitseko. Anavula chipewa. Kenako anatenga linya nkumangirira eriyo pomwepo, osaisuntha ngakhale pang'ono. Za ogula zitsulo sanazitchulenso.

Mazira aja anaswa. Tiana tikati titafune waya, Mphemvu amatimenya ndi kanyanga.

Nthano yanga yaduka mchira pamenepa. Katundu akakulemera, usapemphe wadyera kuti akuthandize, akana. Ungomuuza kuti mukagawana ndi anthu ambiri.